Kusankha app yowerengera nkhani za RSS ndi seva yolunzanitsira

Aliyense amene amatsatira masamba ambiri a pa intaneti amadziwa momwe m'mawa umathera. Mutsegula tsamba la nyuzipepala iyi, mudikira zithunzi ndi zotsatsa malonda zitsike, n'kupeza kuti chatsopano palibe. Mupita pa lina, chimodzimodzi. Bandulo ikungotha, nkhani yeniyeni osaiona. Ambiri adangosiya n'kumadalira Facebook, koma kumeneko chobwera patsogolo sasankha ndinu, ndipo nkhani ya dzana imatha kukupezani lero ngati yatsopano.

RSS ndi njira yakale yothanirana ndi vutoli. Idayamba mu 1999 ku kampani ya Netscape, ndipo mpaka lero masamba ambiri amaitulutsabe ngakhale sailengeza. Tsamba limakhala ndi kafayilo kotchedwa feed, momwe mumalembedwa nkhani zake zatsopano: mutu, tsiku, linki, ndiponso ndime zoyamba kapena nkhani yonse. App yowerengera imakatenga ma feed a masamba onse amene mwasankha n'kuwaika pamalo amodzi, motsata nthawi yomwe nkhani zidatuluka. Pali mtundu wina wa feed wotchedwa Atom, womwe udakhazikitsidwa mu 2005, koma musavutike nawo mutu, app iliyonse yabwino imawerenga yonse iwiri.

Apa pali zinthu ziwiri zosiyana zomwe anthu amaziphatikiza. China ndi app yomwe mumaiona pafoni kapena pakompyuta. Chinzake ndi seva yomwe imasunga mndandanda wa ma feed anu ndi kukumbukira zomwe mwawerenga kale. Ambiri amayambira ku Play Store, n'kusankha app ya nyenyezi zambiri, kenako n'kudabwa kuti palaputopu zinthu sizikugwirizana. Yambirani kwinaku. Choyamba dziwani komwe mndandanda wanu uzikhala, app ibwere pambuyo.

Gawo loyamba: kodi seva mukuifunadi?

Dzifunseni mafunso awiri. Mumawerenga pa zipangizo zingati? Nanga foni yanu imakhala nthawi yaitali bwanji yopanda intaneti?

Funso loyambalo ndi losavuta. Ngati muli ndi foni yokha, palibe choti mulunzanitse. Ngati masana mumawerenga pakompyuta ya kuntchito, madzulo pafoni muli m'minibasi, mufunika china choti chiziuza foniyo kuti nkhani izi mwaziona kale. Kupanda apo mudzawerenga mitu yomweyomweyo kawiri tsiku lililonse, ndipo pakutha sabata mudzaitaya app yonseyo.

Funso lachiwiri ndi lomwe anthu ambiri saliganizira, pamene kwa ife ndi lalikulu. Feed sisunga nkhani zonse za tsamba. Imangosunga zomaliza zochepa. Masamba omangidwa ndi WordPress, omwe ndi ochuluka zedi, amaika nkhani 10 zomaliza pokhapokha mwini wake atasintha nambalayo. Ikatuluka nkhani ya nambala 11, yoyamba ija imagwa pamndandanda. Tsopano taganizani tsamba la nyuzipepala lomwe limatulutsa nkhani 30 patsiku. Magetsi azima m'mawa, foni yathima masana, kapena bandulo yatha Lachisanu ndipo mwagula ina Lolemba. App yopanda seva ikadzuka idzangopeza nkhani 10 zomaliza, zapakati zonse zapita, ndipo siidzakuuzani n'komwe kuti mwaphonya kanthu.

Seva ili ngati bokosi la ku positi ofesi: makalata amafikirabe ngakhale inu muli kumudzi, mukabwera n'kuwatenga onse pamodzi. Imazungulira ma feed anu usana ndi usiku pa intaneti yake, osati pa bandulo yanu, n'kusunga chilichonse chatsopano. Foni ikayaka imalankhula ndi malo amodzi okha n'kutenga zomwe ilibe. Apanso pali kupulumutsa data, chifukwa app yopanda seva imayenera kugogoda pa tsamba lililonse palokha, kaya ndi masamba 60, nthawi iliyonse ikafuna kuona ngati kwabwera chatsopano.

Ndiye chigamulo chili chotere. Ngati mumatsatira masamba oyenda pang'onopang'ono, monga a mabungwe, a alembi olemba kamodzi pasabata, kapena a zotsatira za kafukufuku, ndipo muli ndi foni imodzi, seva isiyeni. Simudzasowa akaunti, simudzalipira, ndipo palibe kampani yomwe idzadziwe zomwe mumawerenga. Koma ngati ndinu mtolankhani, wamalonda wotsatira mitengo ndi ma tenda, wofunafuna ntchito, kapena muli ndi zipangizo ziwiri, pitani ku gawo lachiwiri.

Gawo lachiwiri: sankhani seva

Mbiri pang'ono ithandiza kumvetsa chifukwa chake masevawa ndi ambiri chonchi. Kwa zaka zingapo, ambiri okonda RSS ankagwiritsa ntchito Google Reader, yomwe idayamba mu 2005 ndipo inali yaulere. Mu Marichi 2013 Google idalengeza kuti ikuitseka, ndipo pa 1 Julayi chaka chomwecho idatsekadi. Anthu adabalalika. Feedly, yomwe idalipo kale, idalandira ochuluka. Feedbin ndi Inoreader zidayamba chaka chomwecho. Ena adaganiza kuti kusungitsa kwa munthu wina basi zakwana, ayendetsa seva yawoyawo. Mpaka pano maseva alipo a magulu atatu.

Gulu loyamba ndi la makampani opereka akaunti yaulere yokhala ndi malire. Kwa zaka zingapo tsopano Feedly yakhala ikulola ma feed 100 paulere, Inoreader ya ku Bulgaria 150, ndipo NewsBlur 64. Musawaone ngati ochepa. Munthu woyamba kumene safika ngakhale pa 40, ndipo amene ali ndi 150 nthawi zambiri theka lake sawerenga. Chomwe muyang'anitsitse si chiwerengerocho ayi, koma zomwe zatsekeredwa kwa olipira okha. Kawirikawiri ndi kusaka mawu m'nkhani zakale, kusefa nkhani ndi malamulo oti "chilichonse chotchula mpira chibisike", komanso kufulumira kwa seva pokatenga nkhani. Feedly yaulere imachepetsanso mafoda omwe mungapange. Inoreader ndi ya anthu okonda kukonzakonza zinthu, ili ndi mabatani ambiri ndipo poyamba imatha kuzunguza. NewsBlur ili ndi kake kapadera: mumaiphunzitsa podina chala chokwera kapena chotsika pa mlembi, pa mutu kapena pa mawu, ndipo imayamba kubisa zomwe simufuna.

Gulu lachiwiri ndi la olipiritsa kuyambira pachiyambi. Feedbin ndiyo yodziwika kwambiri. Ilibe zotsatsa malonda, ndi yaudongo, ma app ambiri amagwirizana nayo, ndipo imakupatsani adiresi ya imelo yapadera yolembetsera makalata a nkhani otumizidwa pa imelo, kuti azifikira m'app yowerengera m'malo modzaza bokosi lanu. Imalola kuyesa kaye masiku angapo musanalipire. BazQux ili m'gulu lomweli.

Tikambe za ndalama mosapita m'mbali. Zonsezi amalipiritsa m'madola kapena m'mayuro, pa khadi la ku banki, mwezi ndi mwezi kapena chaka ndi chaka. Kwa amene ali ku Johannesburg kapena ku Leicester ndi kandalama kochepa. Kwa amene amalandira makwacha nkhani ndi ina: khadi liyenera kukhala lololedwa kugula kunja, ndalama zakunja zimavuta kupeza, ndipo kwacha ikagwa, monga idagwera ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mtengo wa chinthu chomwecho umakwera usiku umodzi. Ine ndinganene kuti musalipire chilichonse mwezi woyamba. Yambani ndi akaunti yaulere. Mukadzaona kuti pali chinthu chimodzi chomwe chikukusowani tsiku ndi tsiku, monga kusaka m'nkhani zakale, pamenepo ndiye mudzadziwa chomwe mukugula.

Gulu lachitatu ndi la kudziyendetsera. FreshRSS ndi Miniflux ndi mapulogalamu aulere omwe mumaika pa seva yanu. FreshRSS idalembedwa m'chilankhulo cha mapulogalamu chotchedwa PHP ndipo imayenda ngakhale pa hositing'i wamba yomwe anthu amaikapo webusaiti, choncho ngati bungwe lanu kapena bizinesi yanu ili kale ndi webusaiti, mwina malo alipo kale osawonjezera ndalama. Imalolanso anthu angapo, aliyense ndi akaunti yake, zomwe zingathandize chipinda cha atolankhani kapena dipatimenti ya pakoleji. Miniflux ndi yopepuka kwambiri, idalembedwa m'chilankhulo china chotchedwa Go, koma imafuna nkhokwe ya PostgreSQL ndi munthu wodziwa kulamula seva. Ngati muli kale ndi Nextcloud, ili ndi kachigawo kake kotchedwa News. Chenjezo langa ndi limodzi: musaike seva yoteroyo pa kompyuta ya kunyumba ngati magetsi amazimazima. Phindu lonse la seva n'kuti sigona. Ikamathima pamodzi ndi foni yanu, mwabwerera pomwe mudayambira.

Pali njira zina ziwiri zapakati zomwe zimalunzanitsa popanda seva yokatenga nkhani. Pa zipangizo za Apple, ma app ena amagwiritsa ntchito iCloud. Pa Android, app ya Feeder imalumikiza mafoni kapena matabuleti awiri pojambula QR khodi. Njira zimenezi zimakumbukira mndandanda ndi zomwe mwawerenga, koma kukatenga nkhani ndi ntchito ya chipangizo chanu chomwe. Vuto lija la nkhani 10 zomaliza silichoka.

Gawo lachitatu: pezani app yolankhulana ndi seva yanuyo

Si app iliyonse imagwirizana ndi seva iliyonse, ndipo n'chifukwa chake tidayamba ndi seva. Musanatsitse app, werengani mafotokozedwe ake mpaka pomwe alemba mayina a maseva omwe imalandira. Dzina la seva yanu likasowa pamenepo, pitirirani, ngakhale app ikhale yokongola bwanji.

Mudzakumana ndi mawu awiri odabwitsa: Google Reader API ndi Fever API. Zonsezi ndi njira zolankhulirana pakati pa app ndi seva, zotsalira za mapulogalamu omwe adafa kale. Google Reader idatsekedwa koma kalankhulidwe kake kadatsala, ndipo FreshRSS, Miniflux, Inoreader, BazQux ndi The Old Reader zimakamva. Fever ndi yosauka poyerekeza: kawirikawiri imakulolani kuwerenga ndi kuika chizindikiro, koma osati kuwonjezera kapena kuchotsa feed kuchokera pafoni. App ikakupatsani zonse ziwiri, tengani ya Google Reader.

Pa Android, yomwe ambiri a ife tili nayo, Feedly, Inoreader ndi NewsBlur zili ndi ma app awoawo, ndipo kuyamba ndi amenewo ndi kosavuta. Kwa amene sakufuna seva, Feeder ndiyo ndingaloze poyamba: yaulere, yopanda zotsatsa malonda, yosafuna akaunti, imapezeka ku Play Store ndi ku F-Droid (malo ena otsitsirako ma app a Android), ndipo imasunga nkhani m'foni kuti muwerenge opanda netiweki. Kwa a FreshRSS pali Read You, Capy Reader ndi FeedMe. Capy Reader imagwirizananso ndi Feedbin. FeedMe maonekedwe ake ndi achikale, koma imalandira maseva ambiri ndipo imakupatsani mphamvu zambiri pa zomwe zitsitsidwe ndi nthawi yake.

Pa iPhone, iPad ndi Mac nkhani ndi yachidule: yambani ndi NetNewsWire. Idatuluka koyamba mu 2002, yolembedwa ndi Brent Simmons, ndipo lero ndi yaulere kotheratu. Imalunzanitsa kudzera mu iCloud, Feedbin, Feedly, Inoreader, NewsBlur, BazQux, The Old Reader ndi FreshRSS. Reeder ndi yotchukanso, koma samalani, pali ziwiri. Yakale, yomwe pano ikutchedwa Reeder Classic, ndiyo imalumikizana ndi maseva atchulidwawa. Yatsopano, yomwe idatuluka mu 2024, imayendera iCloud yokha.

Pakompyuta mwina app simuifuna n'komwe, chifukwa seva iliyonse ili ndi tsamba lake lowerengerapo. Izi zimathandizanso pa kompyuta ya kuntchito yomwe simuloledwa kuikamo mapulogalamu. Ngati mukufuna pulogalamu yeniyeni, pali Fluent Reader ndi RSS Guard zomwe zimayenda pa Windows, Mac ndi Linux. Thunderbird, pulogalamu ya imelo ija, imawerenganso ma feed koma siilunzanitsa ndi maseva amenewa.

Kanthu kamodzi kamene kamagwetsa anthu ambiri pa FreshRSS. Pasiwedi yomwe mumalowera pa tsamba si yomwe app imafuna. Muyenera kulowa m'zokonzera za woyang'anira n'kulola API, kenako m'mbiri ya akaunti yanu n'kulemba pasiwedi ina ya API. Pa app, adiresi ya seva imathera ndi /api/greader.php. App ikamakana kuti dzina kapena pasiwedi n'zolakwika pamene inu mukudziwa kuti mwalemba bwino, yang'anani pamenepo.

Gawo lachinayi: iyeseni musanaikhulupirire

Musathamangire kulowetsa masamba onse. Ikani ma feed asanu, amodzi akhale a nyuzipepala yotulutsa nkhani zambiri, ndipo muchite mayeso atatu.

Loyamba ndi la ndege. Lolani app itsitse nkhani, kenako yatsani kabatani ka ndege kaja kuti netiweki yonse ithime, itsekeni app n'kuitsegulanso. Tsegulani nkhani yomwe simunaikhudze. Ikatseguka ndi mawu ake onse, app imeneyo imasungadi m'foni. Ikangozungulira kapena kuonetsa mutu wokha, ndiye kuti popanda intaneti ilibe ntchito, ndipo ulendo wa pabasi wochoka ku Lilongwe kupita ku Mzuzu, komwe netiweki imabwera n'kumapita, mudzauyenda mukuyang'ana mitu yokhayokha. Ma app ena a makampani akuluakulu amagwa pamayeso amenewa, kapena kuwerenga popanda intaneti amakusungira olipira.

Lachiwiri ndi la kulunzanitsa kwenikweniko. Mudakali pa ndege, werengani nkhani zitatu ndipo imodzi muiike nyenyezi. Yatsani data, dikirani pang'ono, kenako tsegulani pa chipangizo chinacho. Zitatu zija zizioneka zowerengedwa, nyenyezi ikhalepo. Yesaninso mobwerera.

Lachitatu limatenga sabata. M'zokonzera za foni, pa gawo la data, Android imaonetsa ma MB omwe app iliyonse yadya. Onani nambala ya app yanu lero, muonenso pakutha masiku 7. Mawu okhaokha salemera. Nambala ikakwera kwambiri, olakwa ndi zithunzi, ndipo tizikonza m'gawo lachisanu ndi chimodzi.

Gawo lachisanu: lowetsani ma feed

Njira yachidule ndi kukopera adiresi ya tsamba n'kuimata m'bokosi lowonjezera feed. App yabwino imafufuza yokha n'kukuonetsani zomwe yapeza. Ikalephera, musafulumire kunena kuti tsambalo lilibe feed. Mabrawuza adasiya kuonetsa kachizindikiro kofiirira ka RSS kaja, Firefox idachotsa zake mu Disembala 2018, koma ma feed enieniwo adakalipo. Muyenera kungodziwa pogogoda.

Pa tsamba la WordPress, onjezani /feed kumapeto kwa adiresi. Yesani zimenezi pa masamba a nkhani a kwathu kuno omwe mumawakonda, ambiri mwa iwo amayankha. Chosangalatsa n'chakuti chigawo chilichonse chili ndi feed yake. Ngati pa nyuzipepala ina mumangofuna zamalonda, tsegulani chigawo cha zamalondacho, tengani adiresi yake n'kuwonjezera /feed. Mwatero mwadzipulumutsa ku nkhani makumimakumi za ndale patsiku popanda kulipira zosefera. Pa Blogger ndi /feeds/posts/default. Pa Substack ndi /feed. Pa Reddit ndi Mastodon mumawonjezera .rss kumapeto. Tchanelo chilichonse cha YouTube chili ndi feed, ndipo ma app ambiri amaipeza mukangomata adiresi ya tchanelocho. Mapodikasiti nawo amayendera RSS kuyambira kale. BBC ili ndi feed ya nkhani za ku Africa zokha pa feeds.bbci.co.uk/news/world/africa/rss.xml.

Kwa otsatira nkhani imodzi osati tsamba limodzi, Google Alerts imalola kusankha RSS m'malo mwa imelo. Mulemba mawu monga "fodya Kanengo" kapena dzina la boma lanu, ndipo chatsopano chomwe Google yapeza chotchula mawuwo chimafikira mu app. Facebook ndi X zilibe ma feed. Pali makampani omwe amalonjeza kuwapanga, koma zimaduka kawirikawiri ndipo ambiri amalipiritsa. Bungwe lomwe limalengeza zinthu pa Facebook pokha muzilitsatirabe komweko.

Masamba ena amaika chiganizo chimodzi chokha mu feed kuti mukadine linki. Ma app ambiri ali ndi batani lokatenga nkhani yonse n'kuionetsa yopanda zotsatsa ndi zokongoletsa. Mu NetNewsWire amalitcha Reader View, mu Feeder mumatha kulamula feed iliyonse payokha kuti izitenga nkhani yathunthu nthawi zonse. Batani limeneli silitsegula nkhani zomwe nyuzipepala idatsekera olipira.

Pa mafoda, musagawe motsata mitu yambirimbiri. Gawani motsata kufunika. Foda imodzi ikhale ya masamba ochepa omwe simufuna kuphonyapo kanthu. Ina ikhale ya nyuzipepala zosefukira, zomwe mumangoyang'ana mitu n'kudina batani loti zonse zawerengedwa. Mukaziphatikiza, mlembi wolemba kamodzi pamwezi adzakwiririka pansi pa nkhani 300 za tsiku limodzi. Ndipo kanambala kofiira koonetsa zomwe simunawerenge kazimitseni. Si ngongole.

Gawo lachisanu ndi chimodzi: bandulo ndi batire

Dziwani kaye kuti mabandulo otsika mtengo a WhatsApp ndi Facebook okha sayendetsa app ya RSS. Imafuna bandulo ya intaneti yonse kapena Wi-Fi.

Lowani m'zokonzera za app musinthe zinthu zitatu. Zithunzi zizitsika pa Wi-Fi pokha, kapena mukazidina. Nthawi yokatenga nkhani italikitseni: mphindi 15 zilizonse ndi kuwononga, kawiri kapena katatu patsiku n'kokwanira, ndipo ngati muli ndi seva mutha kuzimitsiratu n'kumakoka nokha mukatsegula app, popeza palibe chomwe chitayike. Chachitatu, chepetsani nthawi yosunga nkhani zakale m'foni ngati malo ndi ochepa. Amene amapeza Wi-Fi kuntchito kapena kusukulu asankhe kuti app izitsitsa pa Wi-Fi pokha, achoke madzulo foni itadzaza zowerenga.

Mafoni ambiri a Android, makamaka otsika mtengo, amapha ma app omwe akugwira ntchito kumbuyo pofuna kusunga batire. Mukaona kuti app sikutenga nkhani yokha mpaka mutaitsegula, pitani m'zokonzera za batire, pezani dzina la app n'kuilola kuti izigwira ntchito kumbuyo. Izi n'zofunika kwambiri kwa opanda seva, chifukwa app ikagona, nkhani zimadutsa.

Gawo lomaliza: tulutsani fayilo ya OPML lero lomwe

Mndandanda wa ma feed anu, ndi mafoda ake, umatha kutuluka m'kafayilo kamodzi kotchedwa OPML. Pafupifupi app ndi seva iliyonse imatulutsa ndi kulandira fayilo imeneyi. Yomwe ilibe batani lotulutsira OPML musaigwiritse ntchito, ngakhale ikhale yaulere, chifukwa ikufuna kukutsekerani m'kati. Fufuzani batanilo tsiku loyamba, pa mawu oti Import ndi Export m'zokonzera.

Mukamaliza kulowetsa ma feed, tulutsani fayiloyo, dzitumizireni pa imelo, ndipo muzibwereza pakapita miyezi ingapo kapena mukawonjezera masamba ambiri. Ndi yaing'ono kwambiri, siposa chithunzi chimodzi. Kwa ogwiritsa ntchito app yopanda seva, iyi ndiyo nkhokwe yokhayo: foni ikabedwa kapena kugwera m'madzi, mndandanda wa zaka umapita nayo. A seva nawonso asadzinamize. Google Reader idapereka miyezi itatu ndi theka yokha, ndipo Pocket, komwe anthu ankasungira nkhani zoti adzawerenge, idatsekedwa ndi Mozilla mu Julayi 2025.

OPML ili ndi malire ake. Imanyamula maadiresi a ma feed ndi mafoda basi. Zomwe mudawerenga, nkhani za nyenyezi ndi malamulo osefera sizipita nawo. Nkhani yomwe mukuifunadi zaka zikubwerazi, monga chikalata cha boma kapena lipoti lomwe mudzalitchule m'ntchito yanu, isungeni ngati PDF pakompyuta, musadalire nyenyezi.

Tsiku losamuka likadzafika, chitani motere. Tulutsani OPML yatsopano ku seva yakale, tsegulani akaunti kwatsopanoko n'kuilowetsa. Onani ngati chiwerengero cha ma feed chikufanana mbali zonse, chifukwa akaunti yaulere ya malire ochepa imatha kudula ena kapena kuwaimitsa. Ma feed oonetsa chizindikiro cha vuto ayang'aneni limodzi ndi limodzi, kawirikawiri ndi masamba omwe adasintha adiresi kapena adafa kalekale. Nkhani zonse zidzaoneka ngati zosawerengedwa, dinani batani lozimaliza zonse muyambe poyera. Akaunti yakale musaitseke msanga, ziyende limodzi kwa sabata imodzi kapena ziwiri mukufananitsa ngati nkhani zikufika mofanana. Ngati inali yolipira, zimitsani kulipira kodzibwereza tsiku lodula ndalama lisanafike, kenako koperani nkhani za nyenyezi zomwe mukuzifunabe musanaifufute.